Kosaka nguluwe ku America: famu yolipira, agalu, helikopita kapena malo a boma?

Munthu akamva kuti ku United States kuli nguluwe zoposa 6 miliyoni, ndipo alimi akulira nazo usana ndi usiku, amaganiza kuti angofika pa famu iliyonse, kuodira, mwini wake n'kumulandira ndi manja awiri. Sizitero. Ku Texas, chigawo chomwe chili ndi nguluwe zambiri kuposa china chilichonse, pafupifupi 95 peresenti ya malo ndi a anthu, ndipo eni malowo anazindikira kalekale kuti chilombo chomwe chikuwathera chimanga chikhozanso kuwalowetsera ndalama. Ena safunanso n'komwe alenje. Amakonda kutchera makola akuluakulu ogwira gulu lonse nthawi imodzi, chifukwa mfuti ikalira imodzi imagwa, zotsalazo zimabalalika n'kuchenjera. Choncho mlendo amalipira, ndipo chofunika kudziwa ndi choti alipire ndani, alipire motani, ndipo apezepo chiyani.

Nyamazi si mtundu wa nguluwe zofiirira za kwathu zija. Ndi nkhumba zoweta zomwe zinalowerera kutchire. Zoyamba zinafika ndi Asipanishi, monga Hernando de Soto yemwe anakocheza ku Florida mu 1539, ndipo pambuyo pake zinasakanikirana ndi nguluwe za ku Ulaya zomwe anthu a ndalama anaitanitsa kuti azisaka, monga zomwe zinabweretsedwa ku Hooper Bald, North Carolina, mu 1912. Yaikazi imatenga bere pafupifupi masiku 115 ndipo ikhoza kuswa kawiri pachaka. Akatswiri amati kuti chiwerengero chingoima pamodzi, pamafunika kupha pafupifupi ziwiri mwa zitatu zilizonse chaka ndi chaka. N'chifukwa chake malamulo a ku Texas ndi ku Florida ndi ofewa chonchi: pa malo a munthu palibe nyengo yotsekera, palibe malire a chiwerengero.

Laisensi: apa mlendo asatengere za eni dziko

Kuyambira pa 1 September 2019, ku Texas munthu safunika laisensi kuti asake nguluwe pa malo a munthu, bola mwini malo wavomera. Ku Florida nakonso n'chimodzimodzi. Makampani ambiri amalemba zimenezi m'zilembo zikuluzikulu, ndipo sakunama. Koma lamulolo ndi la chigawo chokha. Lamulo la boma lalikulu la United States limaletsa munthu yemwe walowa pa visa ya kanthawi, kaya ya alendo, ya sukulu kapena ya ntchito, kugwira mfuti kapena zipolopolo, pokhapokha akhale m'gulu la ochepa omwe apatulidwa. Khomo lapafupi lolowera m'gulu limeneli ndi laisensi yosakira yomwe sinathe ntchito. Ndiye wophunzira wa ku Malawi yemwe ali ku Houston akapita ndi anzake kumafamu n'kunyamula mfuti opanda laisensi, chigawo cha Texas chilibe naye mlandu koma boma lalikulu lili nawo, ndipo mlandu wa mfuti umatha kumuthera visa. Amene ali ndi green card, chiphaso chokhazikika nacho ku America, lamuloli siliwakhudza. Amene mapepala ake anatha asayandikire mfuti n'komwe.

Kugula laisensi sikovuta. A Texas Parks and Wildlife Department amagulitsa ya masiku 5 ya anthu ochokera kunja kwa chigawo pa $48, ndipo imapezeka pa intaneti kapena m'masitolo a zida zosakira. Aliyense wobadwa pa 2 September 1971 kapena pambuyo pake amafunikanso kuchita maphunziro a alenje, ngakhale pali mwayi wowaimika kaye kamodzi ngati mukusaka limodzi ndi munthu woyenerera. Kampani yomwe ingakuuzeni kuti "musavutike, kuno sitifuna laisensi" mutaiuza kale kuti muli pa visa, ndiye kuti za alendo sizidziwa. Pezani ina.

Famu ya nyambo

Iyi ndiyo njira yofala, ndipo kwa woyamba ndi yomwe ndingamuuze. Outfitter, yemwe ndi mwini bizinesi yokonzera alenje malo, pogona, galimoto ndi wowatsogolera, amakhala ndi famu yake kapena ya lendi. Dzuwa litapendeka, wotsogolera amakusiyani m'kanyumba kokwezeka pa nsanja. Patsogolo panu, mamita 50 kapena 100, pali mgolo woima pa miyendo itatu. Nthawi yake ikakwana kamota kapansi pa mgolowo kamazungulira, chimanga n'kumwazika kuti waa. Zoyamba kufika ndi mbalame ndi agwape. Mumadikira, udzudzu ukukudyani, osatsokomola. Nguluwe zimatulukira mdima ukugwa, ana patsogolo akuthamangitsana, zazikazi m'mbuyo, ndipo yamphongo yaikulu, ngati ibwere n'komwe, imaima kaye m'mbali mwa tchire ikununkhiza. Maso ake ndi ofooka koma mphuno yake sinama. Mphepo ikangotembenuka kuchokera kwa inu kupita kwa iyo, mumangomva kuthyoka kwa timitengo, basi yapita. Ambiri amatopa n'kutsika pa nsanja kutatsala mphindi zochepa kuti zifike. Paja nguluwe idalira msampha utaning'a.

Pa njira imeneyi pali mafamu amitundu iwiri, ndipo zithunzi za pa intaneti sizikuuzani kuti iyi ndi iti. Ina ndi yotseguka: nguluwe zimabwera ndi kupita mwakufuna kwake, ndipo tsiku lina mukhoza kubwerera chimanjamanja. Ina ndi yampanda, momwe mwini wake amagula nguluwe zogwidwa m'makola kwina n'kuzitayira m'katimo. Ku Texas zimenezi n'zololedwa pansi pa malamulo a Texas Animal Health Commission, omwe amalola zamphongo zokha kulowetsedwa m'malo osakira ovomerezeka. Sindikunena kuti yampanda ndi yoipa nthawi zonse. Ngati mpandawo wazinga maekala masauzande a tchire lowirira, nyama imakhalabe ndi kothawira. Koma ngati ndi maekala 40 ndipo nguluwe inatsitsidwa m'ngolo dzulo, kumeneko ndi kugula nkhumba, kungoti mwaipha nokha. Mukaona mawu olonjeza kuti mupha ndithu zivute zitani, funsani za mpanda. Woona mtima amayankha msanga n'kutchula kukula kwa malo. Wozemba amayamba kukamba za chakudya chokoma cha pa kampu.

Chachiwiri ndi kalipiridwe, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalirira. Mafamu ena amatchula mtengo umodzi wa tsiku, wophatikiza pogona, nsanja ndi nguluwe imodzi, ziwiri kapena zonse zomwe mungaphe. Ena amaika mtengo wotsika pakhomo n'kumalipiritsa pa paundi iliyonse ya nyama yomwe yagwa. Tiyerekeze kuti analengeza $200, koma m'munsi mwa pepala mwalembedwa $2 pa paundi. Mwaombera yamphongo ya mapaundi 180, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 82. Akaipachika pa sikelo, $360 yawonjezeka pomwepo. Kenako pali ndalama yosendera yomwe simungaikane, ya lendi ya mfuti, ya zipolopolo, ya wotsogolera. Wotsogolerayo amayembekezeranso kangachepe kothokoza, kawirikawiri 10 mpaka 20 peresenti monga zimakhalira m'ntchito zotere ku America. Ulendo wa $200 wasanduka wa $700 musanagule mafuta obwererera. Ndipo wotsogolera yemwe bwana wake amapindula ndi sikelo adzakulozerani yaikulu nthawi zonse. Ine ndimakonda mtengo umodzi wodziwikiratu, ngakhale uoneke wokwera poyamba.

Malo oti muyang'ane: kummawa kwa Texas komwe kuli nkhalango za paini ndi madambo a mitsinje ya Trinity, Neches ndi Sabine, kumwera kwa San Antonio komwe ndi tchire laminga, ndi m'mbali mwa Red River kumalire ndi Oklahoma. Kumwera kuja samalani ndi kanyama kotchedwa javelina. Kamafanana ndi kankhumba koma si nkhumba, ndipo kali ndi lamulo lakelake: laisensi ndi yofunika ndipo malire ndi tiwiri pachaka.

Usiku ndi thermal

Nguluwe zikasakidwa kwambiri zimasiya kuyenda masana. Apa ndi pomwe panabadwira bizinesi ya usiku. Wotsogolera amakutengani pa galimoto kuzungulira minda ya alimi omwe anagwirizana nawo, akuunika ndi makina a thermal omwe amaona kutentha kwa thupi. Pa galasi munda umaoneka wotuwa, nguluwe n'kumawala mbee ngakhale zili pamtunda wa mamita mazana angapo. Mumatsika, kuyenda mwakachetechete mphepo ikukuombani kumaso, kuimika mfuti pa miyendo yake, wotsogolera n'kuwerenga mpaka katatu kuti nonse muombere pamodzi.

Pa njira imeneyi nyama zake ndi zakutchire zenizeni, chifukwa munda wa mtedza kapena wa tirigu ulibe mpanda wotsekera nguluwe. Kumwera chakumadzulo kwa Georgia, dera la mtedza ndi chimanga, ndi kumpoto kwa Texas ndi komwe yakhazikika kwambiri. Ku Georgia dziwani kuti laisensi ndi yofunika kwa mlendo aliyense. Ubwino wina ndi woti mfuti ndi makina onse ndi a kampani, simuvutika kubweretsa zanu. Kuipa kwake ndi mtengo, womwe umaposa wa pa nsanja chifukwa makinawo ndi odula, komanso kuti mumagwira ntchito usiku wonse. Nthawi zambiri pogona sipakhala pa mtengowo. Ndipo munthu yemwe sanaomberepo mfuti asayambire apa. Kuombera mumdima, nyama zikuthamanga uku ndi uku, anzanu ali pambali panu, ng'ombe za eni munda zili chapatali, kumafuna dzanja lozolowera. Kampani yabwino imayamba yakutengerani koyesera mfuti kusanade. Yomwe sichita zimenezo ndimaikayikira.

Funsani kuti ali ndi maekala angati omwe amaloledwa kusakamo. Wa minda yochepa amabwerera pomwepomwepo usiku uliwonse, ndipo nguluwe zimasamuka.

Agalu ku Florida

Amene anakulira kumudzi n'kuonako uzimba sadzaona chachilendo kwenikweni apa, kupatula galimoto. Ku Florida, makamaka madera ozungulira nyanja ya Okeechobee, amakukwezani pa chigalimoto cha matayala aatali chodutsa m'madambo chomwe amachitcha swamp buggy. Agalu ali pawiri. Oyamba, monga a mtundu wa Catahoula ndi black mouth cur, amalondola fungo n'kuizinga nguluwe akuuwa. Kenako amamasula wogwira, kawirikawiri pit bull kapena American bulldog, atavala chovala chokhuthala choteteza khosi ndi chifuwa ku mano a nguluwe. Iyeyo amaluma khutu n'kukakamira, wotsogolera amagwira miyendo yakumbuyo, mlenje n'kumaliza ndi mpeni, mkondo kapena mfuti yaifupi.

Ndi njira yachangu. Kawirikawiri maola awiri kapena atatu zatha, ndipo ndi imodzi mwa zotsika mtengo, n'chifukwa chake alendo opita ku Orlando amaiphatikiza pa tchuthi. Kwa wa visa yemwe safuna kukhudza mfuti, mpeni ndi mkondo zimamuchotsera nkhawa ija. Koma ndi yaphokoso, yamagazi, ndipo agalu amavulala. Si aliyense angaipirire, ndipo ana aang'ono sindingawatengereko. Komanso ku Florida mafamu ampanda ndi ochuluka zedi, choncho funso lija la maekala lifunsidwe kawiri.

Helikopita

Texas inaloleza mu 2011 kuti munthu wamba agule mpando m'helikopita n'kumaombera nguluwe ali m'mwamba. Pochepetsa chiwerengero njirayi imagwira ntchito, makamaka m'miyezi yozizira mitengo itayoyola masamba. Koma mtengo wake ndi madola masauzande pa munthu kwa maola ochepa, ndipo nyama zambiri zimasiyidwa pomwe zagwera. Wofuna ndiwo kapena luso la ulenje alibe chake kumeneko.

Malo a boma

Iyi ndiyo yotchipa, ndiponso yovuta kuposa zonse. Ku Texas mumagula laisensi ndi chilolezo cha pachaka chotchedwa Annual Public Hunting Permit pa $48, chomwe chimakutsegulirani malo ngati Sam Houston National Forest kumpoto kwa Houston. Ku Florida nguluwe zili m'makaunti onse 67, ndipo a Florida Fish and Wildlife Conservation Commission amayang'anira malo ambiri osakira omwe amafuna chilolezo chawochawo, aliwonse ndi masiku ake. Ku Georgia ngakhale malo a asilikali a Fort Stewart amalola alenje olembetsa.

Kufewa kwa malamulo kuja kumathera pa chipata. M'malo ambiri a boma nyambo ndi yoletsedwa, usiku ndi woletsedwa, ndipo pena amakuuzani mtundu wa chida chomwe mungagwiritse ntchito nyengo imeneyo. Nguluwe za kumeneko zamva mfuti kambirimbiri. Muyenera kudziwa kuwerenga tchire: pomwe zafukula nthaka, zithaphwi zomwe zimagubuduzikamo, matope omwe zapaka pa makungwa a mitengo pozikanda. Mukapha, kunyamula ndi kwanu, mwina makilomita awiri m'matope. Kwa wokhala ku Houston, Dallas, Atlanta kapena Tampa yemwe angamapiteko Loweruka ndi Loweruka mpaka atalidziwa dera, palibe sukulu yoposa imeneyi. Kwa wokwera ndege kuchokera ku Indiana ndi masiku atatu okha m'manja, ndi kutaya tikiti.

Si chigawo chilichonse chomwe chimafuna alenje. Missouri inaletsa kusaka nguluwe pa malo a dipatimenti yake yosamalira zachilengedwe mu 2016. Tennessee inachotsa nguluwe pa mndandanda wa nyama zosakidwa mu 2011, ndipo Kansas ndi Nebraska nazonso zimaletsa. Anaona kuti kumene kusaka kwasanduka masewera, anthu ena amanyamula nguluwe pa galimoto usiku kukazitaya kudera latsopano kuti azikasaka pafupi ndi kwawo. California ndi yosiyananso. Kumapiri a ku Monterey ndi Paso Robles kuli kusaka kokoma kwa masana, koyenda wapansi ukuyang'ana ndi zoonera patali, koma laisensi ndi chilolezo cha nguluwe n'zofunika, zipolopolo za mtovu zinaletsedwa kuyambira 2019, ndipo mitengo ya mafamu ndi yokwera.

Kwa amene ali kumudzi kapena ku Joni

Kunena zoona, kuchoka ku Lilongwe kapena ku Lusaka kupita ku Texas chifukwa cha nguluwe yokha n'kosamveka, makamaka poti mu August 2025 dziko la United States linayamba kufuna chikole cha $5,000 mpaka $15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna visa ya alendo. South Africa ili pafupi, ndipo kuli nyama ziwiri za banja lomweli. Njiri imasakidwa masana, kawirikawiri podikirira pa dziwe m'miyezi yozizira ya May mpaka August, ku Limpopo ndi ku Eastern Cape, ndipo ili m'gulu la nyama zotsika mtengo pa famu. Nguluwe yathu ija ndi nkhani ina. Imayenda usiku, ndi yochenjera moti alenje akale amaipatsa ulemu, ndipo imasakidwa pa nyambo yomwe yakhala ikuthiridwa kwa masabata, kapena ndi agalu m'minda ya nzimbe ndi chimanga ku KwaZulu-Natal ndi ku Eastern Cape.

Malamulo a kumeneko amafuna kuti mlendo wochokera kunja asake kudzera mwa outfitter wolembetsedwa ndipo aperekezedwe ndi mlenje wa laisensi ya ukatswiri. Bungwe la alenje aukatswiri a ku South Africa, la PHASA, lili ndi mndandanda wa mamembala ake, poyambira pabwino pofufuza. Malipiro amakhala pawiri, a tsiku ndi a nyama iliyonse, ndipo nyama yomwe mwaivulaza n'kuthawa mumalipira ngati mwaipha. Kubweretsa mfuti yanu kumafuna fomu ya apolisi ya SAPS 520, choncho ambiri amangobwereka ya pa famu. Funsiranitu za nyama, chifukwa kwa alendo akunja imatsala pa famu kawirikawiri, ndipo m'madera a ku Limpopo kutulutsa nyama ya njiri kumafuna chilolezo chifukwa cha chigodola cha nkhumba. Ku Malawi konkuno, kusaka popanda chilolezo cha dipatimenti yoona za nyama zakutchire ndi mlandu, ndipo zilango anazikhwimitsa mu 2017.

Musanatumize ndalama ya chikole

Imbani foni, musangolemberana. Funsani ngati malowo ali ndi mpanda ndi kukula kwake. Pemphani mtengo wonse wolembedwa, kuphatikiza kusenda, mfuti, zipolopolo ndi zomwe zimachitika mukavulaza nyama kapena mukapanda kuona kanthu. Mafamu ena abwino amakulolani kubweranso ulere kapena pa theka la mtengo. Funsani kuti pa kampu padzakhala alenje angati ndipo nsanja zilipo zingati, chifukwa nsanja yomwe yakhalidwa dzulo ndi dzana nguluwe zimaidziwa. Pemphani zithunzi za makamera a kutchire za sabata yomweyo, zokhala ndi deti. Pemphaninso manambala a anthu omwe anabwerako posachedwa, makamaka mmodzi yemwe sanaphe kanthu. Ameneyo ndiye angakuuzeni ngati wotsogolera anayesetsa kapena anangomutaya pa nsanja n'kukagona. Ndemanga za pa Google ndi Facebook werengani zoipazo poyamba, muone ngati madandaulo a ndalama zobisika akubwerezedwa.

Nyengo nayo iganizireni. January mpaka March ndi yabwino ku Texas ndi ku Florida: kwazizira, nyengo ya agwape yatha moti mafamu ali ndi malo, chakudya chachepa kutchire ndipo nguluwe zimathamangira chimanga. July ndi August kumatentha kwambiri, nyama siyenda masana, ndipo yomwe mwapha imayamba kuonongeka musanafike nayo pa kampu.

Mfuti ya .308 kapena .30-06 imakwanira bwino. Mtima wa nguluwe uli chakutsogolo ndiponso chapansi kuposa wa gwape, ndipo yamphongo yaikulu ili ndi chikopa cholimba ngati chishango pa mapewa, choncho funsani wotsogolera akulozereni poombera musanakwere nsanja. Ngati cholinga ndi ndiwo, siyani chimphona cha mano aatali. Yaikazi kapena yaing'ono ya makilogalamu 30 mpaka 60 ndiyo yokoma, pamene yamphongo yokalamba imanunkha moti ngakhale soseji simabisa. Potumbula valani magolovesi, chifukwa nguluwezi zimanyamula brucellosis yomwe imalowera pa bala n'kudwalitsa munthu kwa miyezi. Agalu a kunyumba musawapatse yaiwisi, pakuti matenda a pseudorabies amapha galu m'masiku ochepa. Yanuyo iphikeni mpaka m'kati mufike madigiri 71. Tengani bokosi lalikulu la ayezi, ndipo dziwani kuti nyamayo idyedwa ku America konko: wobwerera ku Britain saloledwa kulowa nayo, ngakhale itaumitsidwa kapena kupangidwa soseji.